Mphepo Sipangana ndi Munthu: Mbili ya Mphunzitsi wa ku Askov

Aliyense amene anaimapo pa bwalo ndi lichelo m'manja, kuyembekezela mphepo kuti auluze nyemba, adziwa khalidwe lake. Imabwela mwamphamvu mpaka kutenga ndi nyemba zomwe, kenaka n'kukhala zii ngati sinaliko. Mu August imaomba tsiku lonse, kudzaza fumbi m'maso ndi m'ndiwo. Pofika mu February masamba a mango sagwedezeka n'komwe. Wouluza nyemba angathe kukhala pansi n'kuyembekezela. Koma cigayo ca magetsi, filiji ya mankhwala ku cipatala ndi babu la m'nyumba sizidziwa kuti kunja kwacita bata.

Ndiye cifukwa cake mbili ya magetsi a mphepo ili yodzala ndi anthu amene anavutika ndi funso limodzi: tidzacita ciani mphepo ikaculuka, ndipo tidzacita ciani ikaleka? Kumanga mapiko ozunguza dainamo kunatheka kale kwambili. Mu 1887 mphunzitsi wa ku Scotland, James Blyth, anaimika makina otelo pa nyumba yake ku Marykirk. Caka cotsatila Charles Brush wa mumzinda wa Cleveland ku America anamaliza ake, aakulu mamita 17 m'mimba mwake, okhala ndi mapiko 144 a matabwa. Onse awili anaona msanga kuti waya wocoka ku mapiko sungapite mwacindunji ku babu, uyenela kuyamba wadzela m'mabatili. Brush anadzaza cipinda ca pansi pa nyumba yake ndi mabatili 408, cinthu cimene munthu wolemela yekha ndiye akanakwanitsa.

Dziko limene mbili yake ionetsa bwino mmene anthu analimbilana ndi funso limeneli ndi Denmark, kadziko kakang'ono ka kumpoto kwa Ulaya. Kulibe mapili, kulibe mitsinje ikuluikulu yomangapo madamu, ndipo malasha anali ocita kugula kunja. Cimene ali naco cambili ndi mphepo ya ku nyanja. Nkhani yawo iyambila pa sukulu ina ya kumudzi.

Mphunzitsi amene anayamba ndi za nyengo

Poul la Cour anabadwa mu 1846. Asanakhale mphunzitsi anagwila nchito ku ofesi ya boma yoona za nyengo mumzinda wa Copenhagen, kumene anali waciwili kwa mkulu wa ofesiyo. Munthu amene wathela zaka akulemba za mphepo m'buku tsiku ndi tsiku sangadzinamize kuti mphepo ndi yokhulupilika. Mu 1878 anasamukila ku Askov, kamudzi ka m'cigawo ca Jutland, kukaphunzitsa masamu ndi sayansi pa sukulu ya acinyamata akuluakulu a kumidzi. Masukulu a mtundu umenewo analibe mayeso. Ana a alimi anali kubwela miyezi ingapo, makamaka nthawi ya cisanu pamene kumunda kulibe nchito, n'kubwelela kwawo.

Nthawi imeneyo magetsi anali atayamba kufika m'mizinda ikuluikulu, ndipo acinyamata ambili anali kucoka kumidzi, ena kupita ku mafakitale, ena kuwoloka nyanja kupita ku America. La Cour anali kufuna kuti mlimi akhale ndi nyale ndi makina pa famu yake pomwepo. Zigayo zoyendela mphepo zinali kale mbwee m'dziko lonselo, conco iye anaganiza kuti mphepo imene igaya tiligu ingathenso kuyatsa nyale. Mu 1891 boma linam'patsa ndalama, ndipo anamanga makina oyesela pafupi ndi sukuluyo.

Vuto loyamba limene anakumana nalo linali la masekondi. Amene munapalasapo njinga ya dainamo usiku mukumbukila: potsika citunda nyale imawala mpaka babu kupsa, pokwela citunda imacita ngati khala lozilala. Mphepo imacita cimodzimodzi, ndipo sicenjeza. Mkati mwa mphindi imodzi ingathe kukankha, kuleka, n'kukankhanso, pamene dainamo ifuna kuzungulila pa liwilo limodzi. La Cour anapanga cipangizo ca malamba, mawilo ndi zitsulo zolemela cimene anaciika pakati pa mapiko ndi dainamo. Anacipatsa dzina lakuti kratostat. Mphepo ikakankha mopitilila, cipangizoco cinali kuletsa mphamvu yopitililayo kuti isafike ku dainamo.

Vuto laciwili linali la masiku. Kratostat inatha kusalaza kukankha kwa mphepo, koma sinathe kupanga mphepo pa tsiku la bata. Panafunika nkhokwe, monga mmene cimanga cokololedwa mu May cimafunila posungila kuti cifike mu January. Mabatili a nthawiyo anali odula kwambili kwa mlimi, conco la Cour anayesa njila ina. Magetsi akadutsa m'madzi, madziwo amagawika kukhala mipweya iwili, haidrojeni ndi okosijeni. Iye anali kugawa madzi pa masiku a mphepo, kusunga mipweyayo m'mathanki, ndi kuitumiza m'mapaipi kupita ku nyale za sukulu. Kuyambila mu 1895 mpaka 1902 sukulu ya Askov inali kuunikilidwa mwa njila imeneyi, ndipo m'zaka 7 zimenezo nyale sizinagonepo ndi njala, cifukwa thanki inali kusunga mpweya wokwanila kudutsa masiku a bata. Sikuti zonse zinali bwino ayi. Okosijeni pang'ono akalowa mu haidrojeni cisakanizoco cimaphulika, ndipo kangapo konse magalasi a mawindo a sukulu anacita kuikidwa atsopano.

Mu 1902 makina a ku Askov anasanduka siteshoni ya magetsi ya mudzi wonse. Apa la Cour anabwelela ku mabatili, ndipo pambali pake anaikapo injini ya mafuta yoti idzilila mphepo ikakana masiku ambili. Masiteshoni a m'midzi ina anatengela kapangidwe komweko. Mu 1903 anakhazikitsa bungwe la magetsi a mphepo, ndipo mu 1904 anayamba kuphunzitsa anyamata a kumidzi nchito ya zamagetsi ndi kufalitsa magazini yoyamba padziko lonse yokamba za magetsi a mphepo. Anamwalila mu 1908.

Cifukwa cake kusintha pang'ono kuli nkhani yaikulu

Tisanapitilize ndi mbiliyi, tiyeni tione kasamu kamodzi kamene kalamulila zonsezi. Mphamvu imene ili mu mphepo siikula mofanana ndi liwilo lake. Liwilo likawilikiza kawili, mphamvu imawilikiza ka 8. Zili conco cifukwa mpweya wodutsa pa mapiko umaculuka kawili, ndipo gawo lililonse la mpweyawo limanyamula mphamvu yowilikiza ka 4. Poyelekezela mphepo ziwili, mutenge liwilo n'kuliculukitsa lokha katatu. Mphepo yothamanga mamita 8 pa sekondi ipatsa 8 × 8 × 8, imene ndi 512. Ya mamita 6 pa sekondi ipatsa 216. Munthu woima panja angangoti lelo kamphepo kacepako, koma makina ataya kale zoposa theka la mphamvu.

Tsopano ganizilani midzi iwili. M'mudzi woyamba mphepo iomba mamita 6 pa sekondi usana ndi usiku. M'mudzi waciwili theka la nthawi kuli bata lenileni, theka lina iomba mamita 12 pa sekondi. Mukaphatikiza n'kugawa, midzi yonse iwili ili ndi avaleji yofanana, mamita 6. Koma 12 × 12 × 12 ndi 1,728, ndipo theka lake ndi 864. Mudzi waciwili uli ndi mphamvu yowilikiza ka 4 kuposa woyamba, ngakhale kuti ndi womwewo umene udzakhala mu mdima theka la nthawi ngati ulibe posungila. Avaleji yokha ingam'taye munthu mbali zonse ziwili.

Makinawo nawonso ali ndi malile. Ambili a masiku ano amayamba kupanga magetsi mphepo ikafika pa mamita 3 kapena 4 pa sekondi, amafika pa mphamvu yawo yonse ca pa mamita 12 kapena kupitililako pang'ono, ndipo amadziimitsa okha ikafika ca pa mamita 25 kuti asathyoke. Conco funso limene womanga afunika kuyankha ndi lakuti: mwa maola 8,760 a m'caka, ndi angati amene mphepo imakhala pa liwilo lililonse, ndipo maola amenewo amagwa mwezi uti, nthawi yanji?

La Cour anadziwa kuti panja sangayese mapiko molondola, cifukwa sakanadziwa ngati casintha ndi phiko kapena mphepo. Pamene anamanga makina aakulu mu 1897, anakonza m'nyumba mipita youzilamo mphepo yocita kupanga, ya liwilo lodziwika, n'kumayeselamo timapiko ting'onoting'ono. Anapeza kuti popanga magetsi, mapiko ocepa othamanga amaposa mapiko ambili oyenda pang'onopang'ono ngati a Brush.

Mphepo ikumbukilidwa mafuta akasowa

Pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse malasha ndi mafuta anavuta kupeza, ndipo makina a mtundu wa la Cour anafalikila. Pofika mu 1918 masiteshoni a m'madela pafupifupi 120 anali ndi makina a mphepo, ambili a makilowati 20 mpaka 35, ndipo onse pamodzi anali kupeleka pafupifupi mapelesenti 3 a magetsi a dziko la Denmark. Nkhondo itatha, dizilo ndi malasha zinabwelanso, mawaya ocokela ku masiteshoni akuluakulu anafika m'midzi, ndipo mapiko ambili anasiyidwa kuti acite nguwe. Injini ya dizilo imalila pamene mwini wake wafuna, ndipo ici ndico cinagonjetsa mphepo. Pa Nkhondo Yaciwili zinabwelezanso: mafuta atasowa, kampani ya F.L. Smidth inamanga makina a mapiko awili ndi atatu, ena ogwila nchito pamodzi ndi injini za dizilo, monga a pa cisumbu ca Bogø a mu 1942.

Pa nthawi yomweyo, kutsidya la nyanja ku America, kunacitika zimene zinaphunzitsa omanga onse, a ku Denmark omwe. Injiniya wina dzina lake Palmer Putnam anatsogolela nchito yomanga makina aakulu kuposa onse a nthawiyo pa phili la Grandpa's Knob m'cigawo ca Vermont. Anali a makilowati 1,250, a mapiko awili a citsulo, aakulu mamita 53 m'mimba mwake, ndipo anayamba kutumiza magetsi m'mawaya mu October 1941. Poopa kuti nkhondo idzatseka njila yopezela zitsulo, omangawo anafulumila, nasankha phili asanapime mphepo yake nthawi yokwanila. Mphepo ya pamenepo inapezeka yocepa poyelekezela ndi imene anali kuyembekezela. Ndiyeno mu March 1945 phiko limodzi, lolemela matani pafupifupi 8, linaduka patsinde pamene panali ming'alu, n'kukagwela mamita oposa 200 kutali. Waya ukaupinda uku ndi uku kambilimbili umaduka ngakhale sunaukoke mwamphamvu, ndipo mphepo yokankha ndi kuleka imacita zomwezo ku citsulo. Makinawo sanakonzedwenso.

Wophunzila wa la Cour

Pakati pa anyamata amene anakhala m'kalasi ya la Cour mu 1904 panali Johannes Juul, wobadwa mu 1887. Anagwila nchito ya zamagetsi moyo wake wonse, ndipo anabwelela ku mphepo ali kale mkulu, nkhondo itatha. Mu 1957, ali ndi zaka 70, makina ake aakulu anayamba kuzungulila ku Gedser, kumapeto kwa dziko cakum'mwela. Anali a makilowati 200, a mapiko atatu, aakulu mamita 24 m'mimba mwake.

Juul anayankha mafunso awili a mphunzitsi wake mwa njila yatsopano. Pa vuto la kukankha kwa mphepo, anaumba mapikowo mwa njila yakuti mphepo ikapitilila muyezo, mpweya umaleka kutsetseleka bwino pa phiko, umayamba kuvundukavunduka kumbuyo kwake, ndipo phiko limaleka kuwonjeza mphamvu. Nchito ya kratostat inalowa m'maonekedwe a phiko lenilenilo. Kunsonga kwa phiko lililonse anaikako kacigawo kamene kamatembenuka kokha n'kukhala buleki ngati makina ayamba kuthamanga mopitilila. Pa vuto la masiku a bata, sanamange thanki kapena cipinda ca mabatili. Analumikiza makinawo ku mawaya a dziko. Mphepo ikaomba, masiteshoni a malasha ndi mafuta anali kuwocha zocepa. Ikaleka, anali kuwonjeza moto. Mulu wa malasha osawochedwa ndiwo unakhala nkhokwe.

Makina a ku Gedser anagwila nchito mpaka mu 1967 popanda kukonzedwa kwakukulu. Koma mafuta anali ochipa, ndipo mu 1962 komiti imene inaunika nkhaniyi inapeza kuti magetsi a mphepo anali odula poyelekezela ndi a mafuta ndi malasha. Makinawo ataima anasiyidwa cabe pamenepo. Pakati pa zaka za m'ma 1970, bungwe la NASA la ku America, pofuna manambala a makina amene anapilila mphepo zaka zambili, linapempha kuti akonzedwe ndi kuyesedwanso.

Kuwelenga mphepo

Cimene cinadzutsa nkhaniyi ndi vuto la mafuta la mu 1973. Nthawi imeneyo zoposa mapelesenti 90 a mphamvu zonse zimene Denmark inali kugwilitsa nchito zinali kucokela ku mafuta ogula kunja. Mitengo itakwela, boma linafika poletsa magalimoto kuyenda pa Sabata m'miyezi ya cisanu. Anthu wamba anayamba kudzimangila makina. Kalipentala wina, Christian Riisager, anamanga ake kumbuyo kwa nyumba potengela a ku Gedser, nawalumikiza ku mawaya. Ena anagula kwa iye, ena kwa osula zitsulo za pa famu. Makina ambili oyambawo anathyoka ndi mphepo za mkuntho.

Mu 1978 eni makina anapanga bungwe lawo, ndipo mwezi ndi mwezi magazini yawo inali kusindikiza magetsi amene makina alionse anapanga ndi zimene zinawonongeka. Mlimi wofuna kugula anali kuona yekha kuti kampani iti ikupanga zolimba, ndiponso kuti malo ati ali ndi mphepo. Manambalawo anathandizanso kusiyanitsa makina oipa ndi mwezi woipa. Ngati onse m'dela apanga zocepa mu June, colakwa si ca makina. Caka comweco, pa malo ofufuzila a boma a Risø anatsegula poyesela makina a mphepo, ndipo kuyambila mu 1979 boma linali kulipilako mapelesenti 30 a mtengo wa makina okhawo amene avomelezedwa kumeneko.

Akatswili a ku Risø anacitanso cinthu cimene Putnam analibe nthawi yocita. Anatenga zolembedwa za zaka zambili za m'masiteshoni a zanyengo, nacotsamo zimene mitengo, nyumba ndi zitunda za pafupi ndi siteshoni zimacita ku mphepo, kuti atsale ndi mphepo yeniyeni ya delalo. Ndi imeneyo anatha kuwelengela mphepo ya pa munda wa munthu wina kutali, potengela mitengo ndi zitunda za pamenepo, ndiponso kutalika kwa nsanja, pakuti m'mwamba mphepo imathamanga kuposa pansi. Buku la mapu a mphepo a Denmark linatuluka mu 1981, ndipo la maiko a ku Ulaya mu 1989. Kucokela pamenepo munthu wopita kukakongola ndalama ku banki anatha kunena magetsi amene adzapanga pa caka, ndi kukumbukila kuti zaka zina mphepo imacepa monga mmene mvula imacitila.

Nkhokwe ya kwa aneba

Njila ya Juul inali kuyenda bwino pamene makina a mphepo anali ocepa ndipo masiteshoni a malasha anali ambili. M'zaka zaposacedwa mphepo yakhala ikupeleka pafupifupi theka, ndipo zaka zina kupitilila theka, la magetsi a Denmark. Pa mlingo wotelo mulu wa malasha sungakhalenso nkhokwe. Imene inalowa m'malo mwake ili kutsidya la nyanja, ku Norway, dziko la mapili limene pafupifupi magetsi ake onse acokela ku madamu. Mawaya oyamba a pansi pa nyanja ya Skagerrak, olumikiza maiko awiliwa, anayamba kugwila nchito mu 1976 ndi 1977, ndipo pambuyo pake anawonjezeledwa kufika pa 4. Mphepo ikaculuka ku Denmark, a ku Norway amagula magetsi ochipawo n'kucepetsa madzi otuluka m'madamu awo. Ikaleka, amatsegula madzi n'kugulitsa magetsi kubwelela. Damu lingatsegulidwe ndi kutsekedwa m'mphindi zocepa, ndiye cifukwa cake limagwilizana bwino ndi mphepo.

Usiku wa pa 9 kucela pa 10 July 2015, makina a mphepo a ku Denmark anafika popanga mapelesenti 140 a magetsi amene dziko lonse linali kufuna pa nthawiyo. Otsalawo anapita ku Norway, Sweden ndi Germany. Pa msika wa magetsi wa maiko amenewa, mitengo ya mawa imaikidwa lelo, conco wogulitsa magetsi a mphepo afunika kudziwa mphepo ya mawa madzulo. Nchito yolosela za nyengo, imene la Cour anayamba nayo, ndi imene tsopano ili pakati pa malonda onsewo.

Musaganize kuti funso lija linatha. Mu 2021 mphepo inacepa kwa miyezi ingapo kumpoto kwa Ulaya, ndipo makampani a magetsi a mphepo anapanga zocepa kuposa zimene anawelengela. Mu November ndi December 2024 kunabwela masiku a bata ndi mitambo, opanda mphepo ndi dzuwa lomwe, pa Germany ndi Denmark nthawi imodzi. Mitengo ya magetsi inakwela koopsa kwa maola angapo, ndipo cifukwa ca mawaya aja inakwelanso kum'mwela kwa Norway. Anthu a kumeneko anakwiya, ndipo andale a zipani zolamula anayamba kunena kuti mawaya akale awili opita ku Denmark asadzaikidwenso atsopano akatha nchito. Nkhokwe ya kwa aneba imathandiza, koma kiyi ili ndi mwini wake.

Zimene zikutikhudza kuno

Ife a ku Zambia tidziwa bwino tanthauzo la kudalila cinthu cosinthasintha, kungoti cathu ndi madzi. Zoposa mapelesenti 80 a magetsi athu akhala akucokela ku madamu monga Kariba, Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi. Mvula itakana, a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika mu September malaiti anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku. Ogaya, ometa tsitsi ndi owochelela zitsulo anali kugona pafupi ndi swichi kuti malaiti akangobwela pakati pa usiku adzuke n'kugwila nchito.

Pali cinthu cimodzi m'nyengo yathu cimene mbili ya Denmark itithandiza kuona. Mphepo yathu imalimba m'miyezi youma, ca mu July mpaka October, nthawi yomwe madzi a m'madamu amakhala akutsika. M'dzinja imafooka, koma ndi pamene mitsinje imadzaza. A ku Denmark anacita kuyala mawaya pansi pa nyanja kuti afike ku madamu a eni ake. Ife madamu tili nawo kale, ngakhale kuti Kariba timagawana ndi Zimbabwe. Ola lililonse limene mphepo ya mu August ingayatse Lusaka ndi madzi amene angatsale m'damu kuyembekezela November. Koma damu louma silingathandize pa tsiku la bata, ndipo caka ca mvula yocepa cingathe kukumananso ndi miyezi ya mphepo yocepa.

Nchito yopima inayambika. Zaka zapitazo, ndi thandizo la World Bank, nsanja zopimila mphepo zinaimikidwa pa malo 8 m'dziko lathu, kuphatikizapo ku Petauke, Mpika ndi Choma. Pa nsanja zotelo pamakhala timakapu tozungulila ndi mphepo, cipangizo cimene Thomas Romney Robinson wa ku Ireland anapanga mu 1846, caka comwe la Cour anabadwa, ndipo kompyuta imalemba liwilo mphindi 10 zilizonse, usana ndi usiku.

Conco tsiku limene kudzabwela alendo m'dela lanu, n'kusonkhanitsa anthu kwa amfumu kuti afuna malo oimikapo mapiko, musadzakhutile ndi mau akuti kuno kuli mphepo yambili. Zimenezo ngakhale mwana wouluza nyemba adziwa. Mudzawafunse kuti anapima zaka zingati ndi pa nsanja yaitali bwanji, kuti ndi miyezi iti ndi maola ati pamene mphepoyo imalimba, ndiponso kuti mu February, masamba a mango akaima, cidzayatsa nyale n'ciani.